Kompyuta ndi Zobisika za M'chitsulo Chamoto

Pa 16 Januwale 1943, sitima yatsopano yonyamula mafuta yotchedwa Schenectady inathyoka pakati ili chiimire padoko ku Portland, m'dziko la America. Madzi anali bata, koma kunali kuzizira. Sitima zinanso za nthawi ya nkhondoyo zinaonongeka motero, ndipo Constance Tipper wa ku Cambridge anasonyeza kuti chitsulo chake chinali kusweka ngati phale chikazizidwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chitsulo chimaoneka ngati chinthu chimodzi, koma chinapangika ndi tinjere tambirimbiri togwirana, tosaoneka ndi maso. Henry Clifton Sorby anatiwona ndi maikulosikopu ku Sheffield, ku England, cha m'ma 1863. Pambuyo pake E. O. Hall mu 1951 ndi N. J. Petch mu 1953 anapeza lamulo lake: tinjere tikakhala tating'ono, chitsulo chimalimba. Chitsulo chotere sichithyokanso msanga pozizira.

Tsono kukula kwa tinjereti kumadalira kwambiri zochitika m'fakitale. Chipika cha chitsulo chimatuluka m'ng'anjo chitatentha pafupifupi madigiri 1,200, ndipo chimapyola pakati pa zigudumu zolemera zimene zimachipsinja kangapo mpaka chipyapyale. Pa kupsinja kulikonse tinjere timaphwatalala. Kenaka, pa masekondi owerengeka, m'malo mwa tophwatalalato mumabadwa tatsopano tating'ono. Chitsulo chikakhalitsa chili chamoto, tatsopanoto timameza tinzake ndi kukula, ndipo phindu lija limatayika.

Vuto ndi lakuti palibe diso lingasuzumire m'chitsulo chofiira chimene chikuthamanga. Kale akatswiri anali kuyesa chabe: kupsinja, kuziziritsa, kudula, kuyang'ana, ndi kuyambanso. Kuyesa kulikonse kunkadya matani a chitsulo ndi nthawi ya fakitale.

Mu 1979 C. M. Sellars ndi J. A. Whiteman a ku Sheffield anafalitsa masamu olosera kusintha kwa tinjere. Masamuwo amafunsa zinthu zinayi: kutentha kwa chitsulo, kukula kwa kupsinja, liwiro lake, ndi nthawi imene imapita chisanapsinjidwenso. Kompyuta imawerengera kupsinja koyamba, yankho lake nkukhala poyambira pa kwachiwiri, mpaka kotsiriza. Motero injiniya amadziwa tinjere timene adzapeza chipika chisanalowe n'komwe m'ng'anjo. Akhozanso kuona chimene chingachitike atathira niobium pang'ono, mtundu wa chitsulo umene umachedwetsa kubadwa kwa tinjere tatsopano. Lero mafakitale ambiri opanga zitsulo za milatho, sitima ndi mapaipi a mafuta amatsamira pa mawerengedwe otere.

Komabe kompyuta si mlosi. Manambala a m'masamuwo amachokera kwa anthu amene amatenthetsa tizidutswa ta chitsulo m'labotale, kutipinda kapena kutipsinja, kutiviika m'madzi mwadzidzidzi kuti tinjere tiime pomwe tafika, ndi kutiyeza mosamala. Zosakaniza za chitsulo zikasintha, kuyezako kumayambikanso. Woyeza akalakwa, kompyuta imabwereza cholakwa chake mofulumira ndi mosakayika, ndipo wodzalipira ndi munthu woyenda pamlatho amene sanamvepo za tinjere.

Wophunzira amene amafunsa kuti masamu a m'kalasi adzamuthandiza chiyani akumbukire sitima ya ku Portland ija.