Jakisoni wa thovu wandibwezera masiketi anga

Ndatha zaka 7 ndikuluka tsitsi mu saluni, choimirira kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mwana wachiwiri atabadwa, mtsempha wa pakatumba unatupa n'kupindikapindika ngati chingwe. Pofika madzulo mwendo unkalemera, kuyabwa ndiye osanena. Masiketi ndinangowapinda n'kuika m'sutikesi.

Opaleshoni ndinkaiopa. Ukagona masabata, makasitomala sakudikira.

Adokotala atandiunika ndi sikani anati timavavu ta mumtsemphamo tafooka, ndiye magazi m'malo mokwera kumtima akubwerera n'kumadikha. Apa m'pamene ndinamva za sclerotherapy. Pamtsempha waukulu ngati wangawu, mankhwala a polidocanol amawasakaniza ndi mpweya kuti akhale thovu. Thovulo limakankha magazi n'kupsereza khoma la m'kati, mtsempha n'kutsekeka, magazi n'kumadzera m'mitsempha ina yabwinobwino. Anabaya akuyang'ana pasikani, ndipo pasanathe ola ndinatuluka ndikuyenda ndekha.

Chondisautsa chinali sokosi yothina ija, m'kutentha kwa Okutobala! Khungu nalo linadera motsatira mtsempha kwa miyezi ingapo. Mnzanga woyembekezera anamubweza kuti ayambe wachira. Ineyo anandichenjeza kuti mtsempha waukulu umatha kutsegukanso, choncho mwezi wamawa ndibwereranso kusikani.