Msika wa masheya wakwera, koma wakwera ndani?

Nyengo ya manachesi ikafika kuno ku Mwanza, amalume anga amakhala munthu wa ndalama kwa miyezi iwiri kapena itatu. Malole amabwera kudzapikula kumunda kwawo, ndipo madengu otsala amapita kumsewu wa ku Blantyre. Chaka china ndalama zitalowa anandiitana. Anali atamva pa wailesi kuti msika wa masheya wakwera kwambiri, ndiye mtima unali m'mwamba.

"Mphwanga, iwe masamu unaphunzira. Akuti msika wakwera. Ndiye ndikangogula masheya a kampani iliyonse pamenepo, ndalama yanga ikwera chimodzimodzi, eti?"

Ndinati, "Ayi amalume, sizili choncho." Koma kuti ndiwafotokozere chifukwa chake, zinatitengera madzulo onse. Zimene ndinawauza ndi masamu a avereji omwewa mumaphunzira ku sekondale, kungoti apa pali ndalama za munthu.

Sheya ndi kachigawo ka umwini wa kampani. Ukagula sheya umakhala mmodzi wa eni ake, ngakhale gawo lako lingachepe bwanji. Kuno kwathu masheya amagulitsidwa pa Malawi Stock Exchange ku Blantyre. Kampani yoyamba kulowa pa msikawu inali NICO, mu 1996. Patapita zaka zambiri makampani anafika 16, ndipo ambiri mumawadziwa: National Bank, Standard Bank, NBS, FDH, Airtel, TNM, Illovo, Sunbird, Press Corporation ndi ena. Mtengo wa sheya ya kampani iliyonse umayenda pawokha. Ina ikwera, ina itsika, ina ingokhala sabata yathunthu osasuntha chifukwa palibe wagula kapena kugulitsa.

Tsono wa pa wailesi sangawerenge mitengo yonseyo tsiku ndi tsiku. Amafuna nambala imodzi yonena mmene msika wonse wayendera. Nambala imeneyo ndi indekisi, ndipo yathu imatchedwa Malawi All Share Index, mwachidule MASI. Akati "msika wakwera", akunena nambala imeneyi.

Nkhani yagona pa mmene nambalayo amaipezera. Amalume ankaganiza kuti amaphatikiza kukwera kwa makampani onse n'kugawa ndi chiwerengero chawo, monga mumapezera avereji ya malikisi a kalasi. Ayi. Kampani iliyonse imalowa mu indekisi ndi kulemera kwake.

Ndinawafunsa kuti, tiyerekeze pamsika pali ogulitsa manachesi atatu. Mayi wina wabwera ndi dengu limodzi, bambo wina madengu 9, ndipo wachitatu wabwera ndi lole ya madengu 90. Mayi uja watsitsa mtengo ndi theka kuti athamangire kunyumba. Kodi tinganene kuti manachesi atsika mtengo ku Mwanza? Amalume anaseka. "Aaa, dengu limodzi? Mtengo uli kwa wa lole uja." Basi, yankho anali atalipeza okha. Pa madengu 100, wa lole ali ndi 90. Iyeyo akasuntha pang'ono, msika wonse wasuntha.

Pa masheya, lole ya kampani timaiyeza pochulukitsa chiwerengero cha masheya ake onse ndi mtengo wa sheya imodzi. Chitsanzo chenicheni nachi. Airtel Malawi inalowa pa msika mu February 2020 pa mtengo wa K12.69 sheya imodzi, ndipo masheya ake onse ndi 11 biliyoni. Chulukitsani nokha: mupeza pafupifupi K139.6 biliyoni. Umenewo ndiwo unali mtengo wa kampani yonse pa tsikulo. Onani kuti sheya ya K12.69 ikumveka ngati ya kampani yaing'ono, koma sichoncho. Kampani ina ikhoza kukhala ndi sheya ya K1,000 koma masheya ake n'kukhala ochepa, n'kupezeka kuti ndi yopepuka. Mtengo wa sheya imodzi paokha sukuuzani kukula kwa kampani, monga mtengo wa nachesi limodzi sukuuzani kukula kwa munda.

Tengani cholembera tiwerenge limodzi. Tipeke msika wa makampani atatu okha. Yoyamba mtengo wake wonse ndi K800 biliyoni, yachiwiri K150 biliyoni, yachitatu K50 biliyoni. Zonse pamodzi ndi K1,000 biliyoni, choncho kulemera kwawo ndi 80 peresenti, 15 peresenti ndi 5 peresenti. Chaka chatha. Yoyamba yakwera ndi 10 peresenti, yafika K880 biliyoni. Yachiwiri yatsika ndi 20 peresenti, yafika K120 biliyoni. Yachitatu yagwa ndi 40 peresenti, yatsala K30 biliyoni. Phatikizani: 880 ndi 120 ndi 30 zikupereka 1,030. Indekisi yakwera ndi 3 peresenti! Wa pa wailesi anena kuti msika wakwera, ndipo sakunama. Koma makampani awiri mwa atatu atsika. Munthu amene anaika K100,000 mu kampani yachitatu watsala ndi K60,000, kwinaku akumva kuti zinthu zikuyenda bwino. Mukanapeza avereji wamba ya 10, -20 ndi -40, mukanapeza kuti msika watsika ndi pafupifupi 17 peresenti. Manambala omwewo, mayankho awiri otsutsana, kusiyana kwake ndi sikelo basi.

Apa amalume anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndiye wa lole pa msika wa ku Blantyre ndi ndani?"

Funso labwino. Zaka zaposachedwapa, olemera kwambiri pa msika wathu ndi mabanki. Kuwonjezera pa anayi ndatchula aja palinso FMB Capital Holdings, kholo la First Capital Bank, yomwe ili ndi mabanki ku Malawi, Zambia, Zimbabwe, Botswana ndi Mozambique. Ndipo pali kena kamene anthu ambiri sakadziwa. Press Corporation ili ndi masheya oposa theka a National Bank, pomwe NICO ili ndi oposa theka a NBS. Ndiye mabanki akapanga phindu lalikulu, Press ndi NICO nazonso zimakokedwa. Mukawerenga mayina pa mndandanda muona makampani osiyanasiyana, a shuga, a mahotela, a nyumba za maofesi, a mafoni. Mukawaika pa sikelo mupeza kuti MASI kwakukulu ikunena za mmene mabanki akuchitira. Za mlimi wa manachesi kapena wa nandolo ku Thambani, nambalayi ilibe mawu, chifukwa iye sali pa msikawo.

Dziko lonse, koma osati lonse

Izi si za ku Malawi kokha. Pali indekisi ina yotchuka kwambiri, MSCI World, imene anthu osunga ndalama m'mayiko ambiri amaitsatira. Dzina lake likunena za dziko lonse lapansi. Muli makampani oposa 1,300 ochokera m'mayiko 23 olemera. Nanga sikelo yake? United States yokha imatenga pafupifupi 70 peresenti. Japan, yomwe ndi yachiwiri, ili cha m'ma 5 kapena 6 peresenti. Britain, Canada, France, Germany ndi ena onse amagawana zotsalazo. Makampani khumi okha apamwamba amatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a indekisi yonse, ndipo ambiri ndi a zamakompyuta ndi intaneti: Nvidia, Apple, Microsoft, Amazon, Alphabet yomwe ndi mwini wa Google, ndi Meta mwini wa Facebook ndi WhatsApp. Inde, WhatsApp yomweyi ili mu foni ya achimwene anu.

Kukula kwa malole amenewa n'kovuta kukuganizira. Apple inafika mtengo wa madola 1 thiriliyoni mu August 2018, ndipo anthu anadabwa. Mu July 2025 Nvidia, yopanga tizipangizo ta mkati mwa makompyuta, inafika madola 4 thiriliyoni. Thiriliyoni imodzi ndi mabiliyoni 1,000. Kampani yotere ikatsika ndi 5 peresenti tsiku limodzi, makampani ang'onoang'ono mazana angapo akhoza kukwera koma osakwanitsa kubweza indekisi pamalo pake.

Chimene chimandiseketsa ine n'chakuti mu "World" imeneyi mulibe China, mulibe India, mulibe Brazil, ndipo mulibe dziko ngakhale limodzi la mu Africa. Kuti mupeze South Africa ndi Egypt muyenera kupita ku indekisi ina yokulirapo, MSCI ACWI, yomwe imaphatikiza mayiko otukuka kumene. Ngakhale mmenemo South Africa, ndi msika wake waukulu wa ku Johannesburg, siifika 1 peresenti. Malawi mulibemo. Sikuti anatiiwala mwa nkhanza. Opanga indekisi amafuna misika imene munthu angagule ndi kugulitsa masheya ambiri msanga, n'kutulutsa ndalama zake m'dzikomo mosavuta. Koma mukamva kuti "misika ya padziko lonse yakwera", dziwani kuti kawirikawiri akunena za makampani ochepa a ku America.

A MSCI amawonjezanso lamulo lina pa sikelo yawo. Sawerengera masheya onse a kampani, koma okhawo amene anthu wamba angathe kugula pa msika. Masheya amene boma kapena kampani kholo yagwira osagulitsa amawachotsa. Bwererani ku Airtel Malawi: mu 2020 inagulitsa kwa anthu masheya 2.2 biliyoni, omwe ndi 20 peresenti, ndipo 80 peresenti inatsala kwa kholo lake. Pa sikelo ya mtundu umenewu, kampaniyo ikanawerengedwa ndi gawo limodzi lokha mwa magawo asanu a kukula kwake. Zili ngati kuwerenga madengu amene afika pamsika okha, osati amene mwini munda wasungira abale.

Musaganize kuti wa lole amakhala yemweyo mpaka kalekale. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Japan inkatenga pafupifupi 40 peresenti ya MSCI World. Indekisi yawo ya Nikkei 225 inafika pachimake mu December 1989, kenako inagwa. Inadzafikanso pamlingo umenewo mu February 2024, patatha zaka 34. Mwana wobadwa chaka chimene inagwa anafika pokhala ndi ana ake asanaione itabwerera. Ndimaona kuti ichi ndi chofooka chenicheni cha sikelo yotengera kukula: kampani ikakwera mtengo, kulemera kwake mu indekisi kumakweranso, kaya yakwera chifukwa cha phindu lenileni kaya chifukwa anthu angotengeka. Wotsatira indekisi amapezeka kuti wasenza kwambiri chinthu chimene chadula kale.

Si indekisi zonse zimayeza motere. Dow Jones Industrial Average ya ku New York, imene inayamba mu 1896, ili ndi makampani 30 ndipo imawayeza ndi mtengo wa sheya imodzi, osati kukula kwa kampani. Mu August 2020 Apple inagawa sheya yake iliyonse kukhala zinayi. Kampani sinachepe ngakhale pang'ono, koma poti mtengo wa sheya imodzi unatsika, kulemera kwake mu Dow kunatsika nthawi yomweyo. Kwa ine njira imeneyi ndi yachikale, koma poti anthu anaizolowera, ikadalipo.

Pali chinanso chimene ife a m'malire timachimvetsa msanga kuposa ena. MASI imawerengedwa m'makwacha. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu, dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Aliyense wosintha makwacha kukhala ma meticais kapena marandi pa chipata cha Mwanza anazimva m'thumba sabata yomweyo. Tiyerekeze kuti masheya anu anakwera kuchoka pa K1,180,000 kufika pa K1,500,000. M'makwacha mwapindula 27 peresenti. Koma poyamba ndalamayo inali madola 1,000, ndipo tsopano ndi madola 882. Indekisi ikuti mwakwera, pomwe wogulitsa katundu ku Zobue akuti mwatsika.

Mwina mukuti, "Ine masheya ndilibe, zikundikhudza bwanji?" Ngati m'banja mwanu muli wina wolembedwa ntchito, mwina zikukukhudzani kale. Lamulo la penshoni kuno limati wantchito azipereka 5 peresenti ya malipiro ake ndipo bwana aziwonjezera 10 peresenti. Osunga ndalama za penshonizo amagula nazo, mwa zina, masheya pa msika wa ku Blantyre womwewu. Poti makampani ndi ochepa ndipo olemera ndi mabanki, ukalamba wa anthu ambiri wakoleka pa malole ochepa. Komanso masamu omwewa mudzawapeza pa nambala ya kukwera kwa mitengo ya zinthu imene a National Statistical Office ku Zomba amalengeza mwezi ndi mwezi. Mmenemo wa lole ndi chakudya, chomwe chimatenga pafupifupi theka la sikelo. Chimanga chikatsika nthawi yokolola, nambalayo imafewa ngakhale sopo ndi makope zikukwerabe.

Amalume sanagule masheya tsiku limenelo. Anandituma kuti ndikapita ku Blantyre ndikawapezere nyuzipepala yokhala ndi mitengo ya kampani iliyonse payokhapayokha, osati nambala imodzi ya pa wailesi ija. Nditabwera nayo anaiyala pa mphasa, n'kuyamba kutsetsereka ndi chala dzina ndi dzina. Atafika pakati anaima.

"Iyi sinasunthe n'komwe," anatero. "Ndiye ija ankati yakwera ndi iti?"

Ndinawaonetsa mizere itatu yokha.