WOTSIKIRA KU MALAMBO AYAMBE WAWERENGA MADZI AKE

PETAUKE — Caka ciri conse mvula ikatha, mitsinje nkuyamba kuphwa, pa malo omwetsera mafuta a pa Petauke ndi pa Nyimba pamaoneka magalimoto osenza zigubu, matayala ndi mahema pa denga. Ena mwa eni ake ndi alendo ocokera ku South Africa, ku Namibia ndi ku Ulaya, amene anazolowera kuyenda m'zipululu za Kalahari ndi Namib. Koma ambiri ndi anthu a konkuno: anamwino onyamula katemera, alangizi a zaulimi, aphunzitsi otumizidwa ku masukulu a kutali, ogula thonje ndi nsomba, azibusa, ndiponso abale othamangira maliro. Onsewa njira yao ndi imodzi, yosiya phula la Great East Road ndi kutsikira m'cigwa ca Luangwa, cimene anthu a kuno amacicha Malambo.

Kuno kum'mawa kulibe cipululu ca mcenga wokhawokha monga ca ku Namibia. Koma munthu amene anafikako ku Malambo m'mwezi wa Okutobala sangatsutse kuti cigwaco cimasanduka cipululu ndithu. Kutentha kumapitirira madigiri 40. Mitengo ya tsanya imayoyola masamba onse, kotero kuti mthunzi umasowa pakati pa nkhalango. Mitsinje imene inakokolola minda m'Febuluwale imakhala misewu ya mcenga wotentha, ndipo pakati pa mudzi ndi mudzi galimoto itha kuyenda maola angapo osakumana ndi munthu, citsime kapena netiweki ya foni.

Njira zotsikira kumeneko ndi ziwiri zimene zimadziwika kwambiri. Yoyamba ndi msewu wakale wocoka pa boma la Petauke kulowera kumpoto, kudutsa dziko la Mfumu Sandwe, limene tsopano liri m'boma la Lusangazi lopatulidwa ku Petauke mu 2018, kutsikira ku Chilongozi ndi kwa Mfumu Malama, mpaka kukaturukira ku Mfuwe. Mtunda wake sufika makilomita 200, ndipo ndi pamenepa pamene ambiri amanyengekera. Pa phula makilomita otere ndi ulendo wa maola awiri kapena atatu. Pa msewu uwu dalaivala wodziwa amatha tsiku lathunthu, ndipo wofuna kuima m'midzi agone masiku awiri kapena atatu. Njira yaciwiri icoka pa Nyimba kutsikira kwa Mfumu Yaikulu Luembe, m'mbali mwa Luangwa weniweni. Tsidya lina la mtsinjewo ndi West Petauke Game Management Area, chire la nyama loposa masikweya kilomita 4,000, kumene mwendo ndi njinga zimapambana galimoto.

Cigwa cimeneci cinayamba kalekale kulanga anthu osakonzeka. Mu 1831 Apwitikizi awiri, Monteiro ndi Gamitto, ananyamuka ku Tete ndi khamu la amtengatenga kulinga kwa Mwata Kazembe. Anaoloka Luangwa, koma njala ndi matenda zinapha anthu ao ambiri m'njira. David Livingstone anaoloka mtsinje womwewo m'Disembala 1866, mvula itayamba kale, cakudya cikusowa, ndipo mwezi wotsatira bokosi lake la mankhwala linapita ndi amtengatenga awiri amene anamthawa. Anthu amenewa anali ndi mfuti, nsaru ndi mikanda yogulira zakudya. Cimene cinawagonjetsa ndi nyengo, mimba ndi malungo, ndipo zitatuzi zikalipo lero, ngakhale kuti wa pa ulendo tsopano amakhala pa mpando wa Land Cruiser.

Cinthu coyamba kupangana, tsono, ndi mwezi wonyamukira. Kuyambira Disembala mpaka Epulo msewu wa Petauke ndi Mfuwe suli wa galimoto. Dothi lakuda la m'madambo likanyowa limagwira matayala ngati ulimbo, ndipo mitsinje monga Msanzala ndi Lusangazi imadzaza mosacenjeza. M'Meyi madzi amakhala atacepa, koma magombe ali ogumuka ndipo udzu ndi wautali kuposa galimoto. Miyezi yabwino ndi Juni, Julayi, Ogasiti ndi ciyambi ca Seputembala, pamene njira yauma koma dzuwa lisanakwiye. Okutobala ndi wa anthu amene nchito yawakakamiza. Novembala ndiye wacinyengo koposa: kumwamba kuli mbee pamene munthu waima, koma mvula yagwa usiku ku mapiri, ndipo madzi saiwala khwawa.

Caciwiri ndi madzi, ndipo apa mpofunika pensulo ndi pepala, osati kungoyerekeza ndi maso. M'nyengo yotentha munthu wamkuru mmodzi asawerengeredwe madzi ocepera malita 5 pa tsiku akumwa okha, osaphatikizapo ophikira nsima. Anthu 6 pa ulendo wa masiku atatu afuna malita 90. Aonjezepo a masiku ena awiri, cifukwa galimoto ikafa masiku amaculuka koma zigubu siziculuka. Pamenepo malita afika 150. Aonjezeponso cigubu ca malita 20 ca rediyeta. Madzi asathiridwe mu dramu limodzi lalikuru, pakuti likabooka ndi kugwedezeka kwa m'njira onse atayika nthawi imodzi. Zigubu zingapo zazing'ono ndizo zabwino. Zitsime ndi mijigo ya m'midzi ziriko, koma munthu asaikepo moyo wake. Cilala ca 2024, cimene Boma linacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse m'Febuluwale caka cimeneco, cinaonetsa kuti ngakhale citsime codalirika cimauma. Ndipo kumene madzi ali ocepa, mlendo wofika ndi zigubu khumi zopanda kanthu akulanda amai a pamudzipo amene anadzuka usiku kukaima pa mzere. Madzi otunga m'njira awiritsidwe kapena athiridwe Clorin monga mwa malangizo a pa botolo, ndipo mapaketi a Madzi a Moyo asasowe m'thumba la mankhwala.

Za mafuta nzacidule. Pakati pa Petauke ndi Mfuwe munthu asayembekezere kupeza pampu. Galimoto yoyenda m'mcenga pa giya yaing'ono imamwa dizilo wambiri kuposa pa phula, motero thanki idzazidwe pa boma, ndipo m'zigubu mukhale wokwanira kubwerera kumene munacokera ngati mtsinje wa kutsogolo wakana.

Galimoto yake ikhale yokoka ndi mawilo onse anai ndiponso yaitali pansi. Matayala apadera akhale awiri, osati limodzi, cifukwa zitsa za tsanya zimene njovu zinathyola ndi zolimba ngati citsulo ndipo zimaboola tayala m'mbali, mosamatika. Pamodzi ndi jeke pakhale thabwa lolimba loikapo jekeyo, pakuti pa mcenga jeke yopanda thabwa imangomira. Pampu ya matayala, fosholo, nkhwangwa, cikwanje, cingwe cokokera, fanibeluti, mafyuzi, waya ndi mphira wa cubu cakale, zonsezi ziri ndi tsiku lake. Magalimoto awiri oyenda pamodzi apambana imodzi yatsopano.

Pofika pa mtsinje wa mcenga dalaivala wanzeru amazima injini ndi kutsika. Amayenda ndi miyendo mpaka tsidya, kupondaponda kuti amve pamene pali polimba, ndi kuona ngati gombe lokwererapo silifuna fosholo. Akatero amaphwetsako matayala pang'ono kuti afutukuke ndi kuyandama pa mcenga, nalowetsa giya yaing'ono, naoloka mosathamanga ndi mosaima. Galimoto ikayamba kutitimira, acotse phazi msanga. Kuumirira kuponda mafuta ndiko kukumba manda a galimotoyo. Pamenepo nchito ndi ya fosholo, jeke ndi nthambi zoyala pansi pa matayala. Mcenga umakhala wolimbirako m'mamawa kusanatenthe, ndiye cifukwa cake oyenda odziwa amapasula msasa tambala atangolira kaciwiri. Akaoloka apopenso matayala, cifukwa tayala lophwa pa miyala silikhalitsa. Koma pamene pali madzi oima kufupi ndi Luangwa, munthu asalowemo kuyesa kuya kwake: Luangwa ndi umodzi mwa mitsinje ya ng'ona ndi mvuu zambiri mu Africa muno.

Pali ngozi ina yaing'ono m'maonekedwe imene madalaivala a m'tauni saidziwa. Njere za udzu zimatseka rediyeta mpaka injini kuwira, ndipo udzu wouma umadziunjika pansi pa galimoto pafupi ndi paipi ya utsi, pamene utha kuyaka. Pa kuima kuli konse wina agwade ndi kusuzumira pansi.

Tsiku lonyamuka lisanafike, mtsogoleri wa ulendo apite ku polisi kapena ku ofesi ya Department of National Parks and Wildlife, imene inalowa m'malo mwa ZAWA mu 2016, akanene njira imene adzadzera, ciwerengero ca anthu ndi tsiku limene ayenera kuturukira. Wacibale mmodzi wotsala pa boma adziwenso zomwezo, ndipo auzidwe tsiku loyamba kuda nkhawa. Mbali ina ya msewu wa ku Mfuwe imadzera m'malire a South Luangwa National Park, imene inakhala paki mu 1972 ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 9,050. M'paki muli malamulo ake: kulipira pa cipata, kusayenda usiku, kusagona pali ponse pamene munthu wafuna, ndi kusalowa ndi mfuti popanda cilolezo.

Kunja kwa paki dziko liri ndi eni ake. Alendo ena amaona chire lopanda nyumba naganiza kuti ndi la aliyense, osadziwa kuti pamene akhoma hema pali manda akale kapena njira ya njovu yopita ku madzi. Mwambo wa Ansenga ndi Akunda ndi wodziwika: mlendo amayamba waonekera kwa a nyakwawa, napereka moni mwaulemu, nanena kumene acokera ndi kumene apita. Kapaketi ka shuga kapena mcere sikacititsa manyazi. Mphindi makumi awiri zimenezo zimagula nzeru zimene mapu a pa foni alibe: kuti njovu zagona kuti, kuti mlatho uti unagumuka, kuti njira ya kumanzere inafa zaka ziwiri zapitazo. Safunsa anadya phula.

Msasa umangidwe dzuwa likali pamwamba, nthawi ya 16 koloko isanapitirire. Usakhale pa mcenga wa mtsinje, ngakhale pakhale posalala bwanji. Usakhale pa kanjira koturuka m'madzi, pakuti ndi ka mvuu, imene imadya usiku ndipo ikadzidzimuka imathamangira ku madzi mosaona cimene ciri patsogolo. Mthunzi wa msangu ndi wokoma, koma m'cilimwe nyemba zake ndi ndiwo za njovu. Mvunguti nawo zipatso zake nzolemera kokwanira kuswa galasi la galimoto kapena mutu wa munthu. Zakudya, makamaka zipatso ndi nyama, zitsekeredwe m'galimoto, ndipo nsapato ndi mapoto zisagone panja, cifukwa fisi sasankha. Aliyense agone m'hema lotseka kapena m'neti ya udzudzu. Moto ukolezedwe pamalo opalira bwino, ndipo m'mawa uzimidwe ndi dothi mpaka phulusa litazizira.

Kashembe, nchenche yoluma ya m'nkhalango za tsanya, ndi mdani amene anthu amampeputsa. Imatsata galimoto yoyenda, ndipo imakopeka ndi zobvala zakuda ndi zabuluu. Motero mawindo atsekedwe podutsa m'nkhalango zowirira, ndipo malaya akhale a manja atali, a mtundu wa khaki. Si kashembe aliyense amene ali ndi matenda, koma kaodzera wa mtundu woopsa, wopha m'masabata kapena miyezi yowerengeka, kwao ndi kuno: madokotala anamzindikira koyamba mu 1910 m'magazi a munthu amene analumidwa m'cigwa ca Luangwa comweci. Ciyambi cake cimafanana ndi malungo. Munthu amene wabwera ku Malambo nayamba kutentha thupi, kapena waona cotupa cowawa pamene analumidwa, apite msanga ku cipatala ca Nyimba, Petauke, Minga kapena Kamoto, ndipo anene yekha kwa dokotala kuti anali kudera la kashembe, makamaka ngati mankhwala a malungo sakumthandiza. Matendawa amacizika akapezeka msanga.

Nyama yopezeka itafa yokha isakhudzidwe, ngakhale nkhuli ikhale yotani. Matenda a anthrax anapha mvuu zoposa 4,000 m'cigwa ca Luangwa mu 1987, ndipo mu 2011 anthu mazana ambiri a m'boma la Chama anadwala atadya ndi kusenda nyama ya mvuu zakufa zokha. Nyama youma yogula m'njira iri ndi ngozi ziwiri, ya matenda ndi ya ndende.

Nanga zonse zitakonzedwa, galimoto nkufa ndithu pakati pa chire? Apa ndi pamene mitima imagawanika, wina nati tiyende, wina nati tikhale. Oyenda m'zipululu za maiko onse amabvomerezana pa mfundo imodzi, yakuti anthu asasiye galimoto. Galimoto iri ndi mthunzi, madzi ndi zitseko, ndipo ofunafuna amaipeza msanga kuposa munthu woyenda yekha m'thengo. Madzi agawidwe mwa muyeso kuyambira ola loyamba, nchito yokonza icitike m'mawa ndi madzulo, masana anthu akhale pa mthunzi. Ngati mudzi wapitidwa posacedwa ndipo mtunda wake udziwika bwino, amuna awiri, osati mmodzi, abwerere m'mapazi a matayala kukaca, atanyamula madzi. M'midzi ya kwa Sandwe ndi kwa Malama simusowa mnyamata wa njinga yamoto amene angafikitse uthenga pamene pali netiweki, ndipo ndalama za m'manja zolipirira iye ndi anthu okankha zikhale zosungidwa padera, m'makwaca ang'onoang'ono, pakuti kumeneko kulibe wosintha K500.

Amene aturukira bwino ku Mfuwe, foni ikangogwira, ayambe waimbira wacibale uja wa pa boma ndi ofesi imene anasiyako dzina, kuti anthu asatumize galimoto kukafuna munthu amene wakhala kale pansi kudya nsima. Auzenso madalaivala anzake za mtsinje umene unabvuta ndi mjigo umene wafa, cifukwa sabata lomwelo wina adzakhala akudzaza zigubu zake pa Petauke.