Mpikisano wa Aliyense Kwawo: Liwiro ndi Nsapato ku Chelinda

Mawu oyamba

Anthu ambiri akamva za mpikisano wa liwiro amaganiza za chikhamu cha othamanga atandanda pa mzere umodzi, wezulo ikulira, oonerera akukuwa m'mbali mwa msewu. Koma pali mtundu wina wa mpikisano umene munthu amathamanga yekha kumene ali, pamene anzake opikisana nawo akuthamanga m'mizinda ndi m'mayiko ena tsiku lomwelo. Pa Chingerezi amautcha virtual race. Popeza m'Chichewa mulibe dzina lokhazikika la mpikisanowu, m'chimangirizo chino ndiziutcha mpikisano wa aliyense kwawo. Ndifotokoza mmene umayendera, mmene malo okwera ngati Chelinda amakhudzira thupi la wothamanga, komanso mmene munthu wa m'thumba mopepuka angasankhire nsapato zoyenera. Ine si katswiri wa liwiro. Ndikulemba zimene zinandionekera mu 2020 ndi zimene ndakhala ndikuphunzira kuchokera nthawi imeneyo.

Mmene mpikisanowu unatchukira

Mipikisano ya aliyense kwawo inalipo kale, koma inatchuka mu 2020 pamene mliri wa Covid-19 unaletsa anthu kusonkhana. Ku South Africa, mpikisano wa Comrades Marathon, umene unayamba mu 1921 ndipo umachitika pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, unalephereka chaka chimenecho. M'malo mwake, pa 14 Juni 2020 okonza ake anachititsa mpikisano wa aliyense kwawo wotchedwa Race the Comrades Legends. Munthu ankasankha yekha mtunda: makilomita 5, 10, 21.1, 45 kapena 90, ndipo anthu oposa 40,000 a m'mayiko osiyanasiyana analembetsa. Nawonso a London Marathon pa 4 Okutobala 2020 analola anthu wamba kuthamanga makilomita 42.2 kulikonse kumene anali, mkati mwa maola 24, ndipo oposa 37,000 anamaliza.

Sukulu zitatsekedwa m'Malawi muno pa 23 Marichi 2020, ine ndinali mu Fomu 4. Mayi ananditumiza kwa malume amene pa nthawiyo ankagwira ntchito yolondera nyama ku Chelinda, mkati mwa nkhalango ya Nyika m'boma la Rumphi. Msuweni wanga wa ku Durban ndi amene anandilembetsa mtunda wa makilomita 21.1 ndi kundilipirira. Ine ndinangovomera, poganiza kuti mnyamata amene amamenya mpira mphindi 90 sangalephere kuthamanga.

Mmene umayendera

Poyamba, wothamanga amalembetsa pa intaneti ndi kupatsidwa nambala. Chachiwiri, amaika pa foni pulogalamu yoyeza mtunda, monga Strava, kapena amavala wotchi ya GPS. Foniyo imalandira zizindikiro kuchokera ku masatelayiti ndipo pa masekondi ochepa alionse imalemba malo amene munthu wafika. Ikalumikiza malo onsewo imapeza mtunda ndi nthawi. Ntchito imeneyi siifuna netiweki, ndipo mfundoyi inandithandiza kwambiri chifukwa ku Chelinda netiweki tinkachita kuifunafuna pa zitunda. Netiweki imafunika pomaliza pokha, potumiza zotsatira kwa okonza mpikisano, amene amatulutsa mndandanda wa onse ndi kupereka satifiketi kapena mendulo.

Ngakhale zili choncho, foni ili ndi zofooka ziwiri. Choyamba, pansi pa mitengo italiitali yothinana GPS imasokonezeka, ndipo mtunda umatha kuchepa kapena kuchuluka. Chachiwiri, kukazizira kwambiri batire imatha msanga. N'chifukwa chake ndi bwino kusankha njira ya poyera, kusunga foni m'thumba loyandikira thupi, ndi kuwonjezera mamita 200 kapena 300 pa mtunda wofunikawo.

Kusiyana kwakukulu ndi mpikisano wamba n'kwakuti zonse zimene okonza amachita, pano umachita wekha. Palibe tebulo la madzi, palibe wolondolera njira, palibe ambulansi. Palibenso wokuona. Munthu angathe kupatsa foni mnzake wa pa njinga n'kulandira satifiketi asanatuluke thukuta. Motero mpikisanowu umayesa miyendo, komanso umayesa chilungamo cha munthu.

Kuthamanga pa Chelinda

Chelinda ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 2,300 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, ndipo kuchokera pa boma la Rumphi, kudzera pa chipata cha Thazima, pali makilomita oposa 100. Nkhalango ya Nyika inakhazikitsidwa mu 1965 ndipo ndi yaikulu kuposa nkhalango zonse zotetezedwa za mtundu wake m'dziko muno. Kumeneko kuli zitunda za udzu waufupi zopita kutali, madamu atatu, bwalo la ndege, ndi zotsalira za nkhalango ya paini imene inabzalidwa m'zaka za m'ma 1950.

Tsiku loyamba ndinathamanga makilomita awiri okha n'kuima, manja ali pa maondo, mtima ukugunda ngati ng'oma ya chioda. Ndinaganiza kuti ndadwala. Malume anangoseka n'kunena kuti, "Mphwanga, kuno si ku Salima. Kuno mpweya umachita kupempha." Zoona zake n'zakuti gawo la okosijeni mu mpweya ndi lofanana paliponse, pafupifupi magawo 21 pa 100 alionse. Chimene chimasintha ndi kupanikizika kwa mpweyawo. Pa mamita 2,300 mpweya ndi wopepuka, moti kupuma kamodzi kumalowetsa pafupifupi magawo atatu okha mwa magawo anayi a okosijeni amene munthu akanalowetsa ali m'mphepete mwa nyanja yamchere. Choncho mtima ndi mapapo zimagwira ntchito kwambiri. Pakapita milungu ingapo thupi limawonjezera maselo ofiira a magazi, ndipo munthu amazolowera. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene akatswiri amakonzekerera ku Iten m'dziko la Kenya, tauni imene ili pa mamita pafupifupi 2,400. Phunziro lake kwa wongoyamba kumene ndi lakuti milungu iwiri yoyamba azithamanga pang'onopang'ono, pa liwiro loti angathe kucheza ndi mnzake.

Chinanso ndi nyengo ndi nyama. M'miyezi ya Juni ndi Julayi usiku kumagwa chisanu, ndipo chifunga chimatha kukuta dera lonse mwadzidzidzi. Mbidzi, ntchefu, chilembwe ndi mphoyo zimangokuyang'ana n'kuthawa, koma kulinso akambuku, afisi ndi njovu. M'nkhalango yotetezedwa munthu sapita kutali wapansi popanda chilolezo ndi mlonda. Ine ndinali ndi mwayi chifukwa malume ankanditsatira pa njinga.

Nsapato zoyamba

Vuto lalikulu silinachokere ku mpweya kapena ku nyama. Linachokera ku mapazi. Ndinali ndi nsapato zoyera mbee zimene ndinagula pa kaunjika kwathu, zokongola, zothina bwino, zimene anzanga kusukulu ankazisirira. Pa sabata lachitatu ndinathamanga nazo makilomita 12 m'njira yotsetsereka. Pobwera ndinapeza matuza awiri ku zidendene, ndipo chikhadabo cha chala chachikulu chinali chitada bii. Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Masiku khumi ndinakhala osathamanga, mpikisano ukuyandikira, ndalama za msuweni zitalipidwa kale.

Malume poyamba sanagwirizane ndi zogula zina. Anati, "Ife kusukulu tinkathamanga opanda nsapato ndipo tinkapambana." Sanali kunama. Abebe Bikila wa ku Ethiopia anapambana marathoni ya Olimpiki ku Rome mu 1960 wopanda nsapato. Koma Bikila yemweyo anapambananso ku Tokyo mu 1964 atavala nsapato. Phazi limene lakula likuyenda pansi limakhala ndi khungu lolimba ndi minofu yozolowera. Langa linakulira mu nsapato za sukulu, ndipo miyala ndi chisanu cha ku Nyika sizikanalichitira chifundo. Nditawaonetsa chala chija anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, "Loweruka galimoto ikupita ku Mzuzu. Ukwere." Ndalama anandipatsazo anali kusungira feteleza wa kumudzi.

Mmene tingasankhire nsapato

Pothamanga, phazi lililonse likamatera pansi limalandira mphamvu yoposa kawiri kulemera kwa thupi. Ngati munthu aponya mwendo pafupifupi mita imodzi, ndiye kuti pa makilomita 21.1 amaponda pansi pafupifupi ka 20,000. Kachilema kakang'ono ka nsapato kakabwerezedwa ka 20,000 kamasanduka bala.

Nsapato yothamangira ili ndi zigawo zitatu. Pamwamba pali nsalu imene imagwira phazi ndi kulowetsa mpweya. Pakati pali thovu lolimba ngati siponji limene limachepetsa kugunda kwa phazi. Pansi pali mphira imene imagwira nthaka. Posankha, munthu aganizire zinthu zisanu.

Choyamba ndi saizi. Phazi limatupa likathamanga, ndipo potsetsereka limakankhikira kutsogolo. Pakati pa chala chachitali ndi nsonga ya nsapato pakhale mpata wokwana chala chamanthu cha dzanja chopingasa. Nthawi zambiri izi zimatanthauza saizi yokulirapo pang'ono kuposa nsapato ya kutchalitchi. Kuyeza kuchitike masana kapena madzulo phazi litatupa kale, munthu atavala sokosi zimene adzathamangire, ndipo ayeze mapazi onse awiri chifukwa sakhala ofanana ndendende.

Chachiwiri ndi kagwiridwe. Zala zikhale zomasuka, koma chidendene chisamavuke poyenda. Chidendene chikamakwera ndi kutsika m'nsapato, kukhulana kumeneko ndiko kumabala matuza.

Chachitatu ndi malo othamangira. Nsapato ya pa tala imakhala ndi mphira yosalala, pamene ya m'njira za fumbi, miyala ndi udzu wonyowa imakhala ndi mano okuya ndi nsonga yolimba yoteteza zala. Ku Chelinda, kapena pa mpikisano wa Porters Race wa pa phiri la Mulanje, yachiwiriyi ndiyo yoyenera. Nsapato za mpira, za basiketibolo ndi zongotchenera zinapangidwira ntchito zina.

Chachinayi ndi moyo wa nsapato. Opanga nsapato amalangiza kuti ikayenda makilomita pakati pa 500 ndi 800, thovu lija limakhala litatopa ngakhale nsalu ikuonekabe yatsopano. Mfundoyi ndi yofunika kwa ife ogula pa kaunjika, chifukwa sitidziwa ulendo umene nsapato inayenda kale. Ogulitsa amaichapa n'kuwala, koma thovu silichapika. Munthu alidine ndi chala: likhale lobwerera msanga, osati louma gwa kapena lofumbutuka. Ayang'ane ngati m'mbali muli makwinya okuya. Aike nsapatoyo pamalo osalala n'kuiona cha kumbuyo: ikapendekera mbali imodzi, idzapendeketsanso phazi lake. Aipinde: ipindike pamene zala zimapindikira, osati pakati. Pomaliza aone ngati mphira sinathe ku chidendene ndiponso ngati guluu sanayambe kumatuka.

Chachisanu ndi mtengo ndi dzina. Pamene Eliud Kipchoge anathamanga marathoni mu ola limodzi, mphindi 59 ndi masekondi 40 ku Vienna pa 12 Okutobala 2019, anthu ambiri anakamba za nsapato zake zokhuthala zokhala ndi timbale ta kaboni mkati. Mu Januwale 2020 bungwe la World Athletics linalamula kuti nsapato za mipikisano ya pamsewu zisapitirire mamilimita 40 kukhuthala kwake. Nsapato zoterezi n'zodula, sizikhalitsa, ndipo m'njira ya miyala zimagwedeza bondo ndi kakolo. Wongoyamba kumene sazifuna. Muyeso wabwino kwa iye ndi wosavuta: nsapato imene akaivala n'kuthamanga nayo pang'ono sakuimva paliponse kuti ikumuluma. Mawu a wogulitsa akuti "idzatamuka" asawamvere.

Ku Mzuzu ndinazungulira maola atatu. Ndinagula nsapato zotuwa, zosakongola, zokulirapo ndi saizi imodzi, za mano okuya. Ndinaziyamba ndi makilomita atatu, kenako asanu, kenako khumi, chifukwa nsapato yachilendo siiyenera kuvalidwa koyamba pa tsiku la mpikisano.

Tsiku la mpikisano

Lamulungu pa 14 Juni 2020 tinanyamuka dzuwa litangotuluka, udzu uli mbuu ndi chisanu. Malume ananyamula madzi, nthochi ndi tiyi wa m'botolo pa njinga. Tinadutsa m'mbali mwa damu n'kulowera ku zitunda. Pa kilomita ya 17 panali chikweza chachitali, ndipo miyendo inakana. Ndinati, "Malume, tengani foniyi mukwere nayo pamwambapo, ine ndikupezani. Palibe adziwe." Iwo sanatsike n'komwe pa njinga. Anati, "Ine ndidziwa. Ndipo feteleza wanga sindinagulire satifiketi yabodza. Ngati watopa, yenda." Ndinayenda chikweza chonsecho, ndipo pamwamba ndinayambanso kuthamanga. Foni inaonetsa makilomita 21.4 patatha maola awiri ndi mphindi 26. Panalibe wokuwa kapena woomba m'manja, koma mbidzi zingapo zimene zinadzutsa mitu n'kupitiriza kudya. Nditavula nsapato, ku mapazi kunalibe thuza ngakhale limodzi. Madzulo tinakwera chitunda kukafuna netiweki ndipo zotsatira zinapita.

Mawu omaliza

M'chimangirizo chino ndafotokoza kuti mpikisano wa aliyense kwawo umapatsa mwayi munthu wa kutali ngati ku Chelinda kupikisana ndi anthu a m'mayiko ena popanda pasipoti kapena ndalama za ulendo. Komabe umamusenzetsa udindo wonse: kuyeza mtunda, kudziwa malo ndi nyengo, kupeza womuperekeza, ndi kunena zoona. Ndasonyezanso kuti nsapato yoyenera imadziwika ndi saizi, kagwiridwe, mtundu wa mphira ndi moyo wa thovu lake, osati ndi kuwala kapena dzina. Mipikisano ya pamaso inayambiranso mliri utachepa, koma malangizo a nsapatowa sanasinthe. Kwa mnzanga amene akufuna kuyamba, ndikuti asanapereke ndalama pa kaunjika ayambe wadina thovu ndi kuyeza mpata wa chala. Ndalama za feteleza zija ndinabweza kwa malume mu 2022, kuchokera pa ganyu yophunzitsa ana pa tchuti.