Musanasiye Buledi ndi Mkaka, Yambani Mwadziwa Chimene Chikukuvutani

Pa ntchito yanga yolangiza anthu za kadyedwe, masiku ano ndikulandira anthu ambiri amene aweruza kale mlandu wa mimba yawo. Mimba ikudzadza mpweya, thupi ndi lolefuka, ndiye awerenga pa WhatsApp kapena amva kwa m'bale wa ku Johannesburg kuti chofunika n'kusiya gluten ndi mkaka. Ena amafika atawononga kale ndalama zambiri pogula ufa wa m'mapaketi wochokera kunja. Mawu anga kwa onsewa ndi amodzi. Kadyedwe kameneka ndi mankhwala a matenda odziwika, ndipo munthu ayenera kudziwa kaye chimene akudwala asanayambe mankhwala.

Tiyambe ndi gluten. Iyeyu ndi puloteni ya mu tirigu, balere ndi rye. Ndi amene amachititsa kuti ufa wa tirigu uzinanda ukakandidwa, n'kugwira mpweya wa yisiti mpaka buledi afufume. Kwa anthu ambiri savuta konse. Koma pafupifupi munthu mmodzi pa 100 alionse padziko lapansi ali ndi matenda otchedwa coeliac. M'kati mwa matumbo aang'ono muli tinthu tambirimbiri toimirira ngati ubweya wa thaulo, timene timayamwa chakudya kuti chilowe m'magazi. Wodwala coeliac akadya gluten, chitetezo cha thupi lake chimaukira tinthuti mpaka tiphwe. Akatero amadya koma thupi silipindula. Amatsekula m'mimba kawirikawiri, magazi amachepa, amaonda, ndipo ngati ndi mwana amapinimbira.

Amene anatulukira gwero la matendawa ndi dokotala wa ana wa ku Netherlands, Willem Dicke. Pa njala ya 1944 mpaka 1945 anaona kuti ana odwala coeliac akupeza bwino buledi atasowa, n'kuyambanso kudwala tirigu atabwerera, ndipo anazifotokoza mu kafukufuku wake wa 1950. Kufikira lero, chithandizo chake n'kusiya gluten moyo wonse.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti kuyeza matendawa kumafuna kuti munthu akhale akudyabe tirigu. Timayamba ndi magazi, kufufuza zizindikiro zoti chitetezo cha thupi chikulimbana ndi gluten, kenako dokotala amalowetsa kachubu kokhala ndi kamera kudzera pakamwa n'kutapa kanyama kakang'ono ka m'matumbo. Munthu akasiya tirigu miyezi ingapo asanayezedwe, matumbo amapola ndipo zotsatira zimaoneka ngati alibe vuto. Kuyezaku sikupezeka pa chipatala chilichonse, choncho pemphani dokotala kuti akutumizeni kumene kukuchitika. Kumbukiraninso kuti kwathu kuno mimba imavuta pa zifukwa zambiri: njoka za m'mimba, tizilombo ta m'madzi osatetezeka, zilonda za m'mimba. Zimenezi zimafuna mankhwala akuchipatala, ndipo kusiya mandasi sikungazichotse.

Nkhani ya mkaka ndi ina. Mu mkaka muli shuga wotchedwa lactose, ndipo thupi limamugaya ndi michere yotchedwa lactase. Khanda lili nayo yambiri, koma kwa anthu pafupifupi awiri pa atatu alionse padziko imachepa munthu akamakula. Amene amakhala nayo mpaka ukalamba ndi mitundu imene yakhala ikuweta ng'ombe ndi kumwa mkaka kwa zaka zikwizikwi, monga Amaasai a ku Kenya ndi Tanzania, Afulani a kumadzulo kwa Africa ndi anthu a kumpoto kwa Ulaya. Shuga wosagayikayo akafika m'matumbo aakulu, mabakiteriya amamusasitsa, ndiye mimba imalira, imadzadza mpweya, mwinanso kutsekula.

Vutoli limasowetsa mtendere koma siliwononga matumbo, ndipo nthawi zambiri silifuna kuti munthu asiyiretu mkaka. Ambiri amatha kumwa mpaka kapu imodzi ya mamililita 250, imene ili ndi lactose wokwana magalamu 12, makamaka akamwa pamodzi ndi chakudya. Chambiko, mabisi a ku Zambia ndi yogati zimakhala bwino m'mimba chifukwa mabakiteriya adya kale gawo la shugayo, ndipo tchizi cholimba monga Cheddar chili ndi lactose wochepa kwambiri. Osiyana ndi ovutika ndi lactose ndi anthu amene thupi lawo limakana puloteni ya mkaka wa ng'ombe, makamaka ana aang'ono. Iwo amatuluka zidzolo, amatupa milomo, amasanza kapena kubanika. Amenewa asakhudze mkaka wa ziweto wa mtundu uliwonse, ngakhale chambiko, ndipo azionedwa ndi dokotala.

Ngati mukufuna kudziyesa nokha, musasiye zonse ziwiri nthawi imodzi, chifukwa mukapeza bwino simudzadziwa chimene chinkakuvutani. Yambani ndi mkaka. Usiyeni milungu iwiri, muzilemba m'kope zimene mwadya ndi mmene mimba yakhalira, kenako mumwe kapu imodzi n'kuona. Tirigu musamusiye musanakambirane ndi dokotala za kuyeza.

Nanga amene wapezekadi ndi coeliac adye chiyani? Apa mpamene anthu a kuno tili ndi mwayi waukulu. Chimanga, mpunga, chinangwa, mapira, mawere, mbatata, mbatatesi, nthochi, nyemba, nandolo, soya ndi mtedza zonsezi zilibe gluten. Nsima ndi ndiwo zilibe mlandu. Kondowole wa ku Nkhata Bay ndi mpunga wa Kilombero wa ku Karonga n'chimodzimodzi. Chovuta ndi kadzutsa wa m'tauni, amene wasanduka tiyi ndi buledi. M'malo mwake bwererani ku phala lotendera nsinjiro, futali, chinangwa chophika, zitumbuwa ndi chigumu. Wofuna kuphika keke asakanize ufa wa mpunga, wa mapira ndi wa chinangwa, athiremo dzira kapena nthochi yakupsa yokanya kuti zigwirane, poti gluten wogwirizanitsa mulibemo.

Kusamala kwenikweni kuli pa tirigu wobisika. Amapezeka mu soseji zambiri, m'timibulu tina tokometsera ndiwo, mu supu za m'mapaketi, mu soya sauce ndi mu mowa wa balere. Ophika zigumu zamalonda ena amathiramo ufa wa tirigu kuti zifewe, choncho funsani. Tchipisi tokazingidwa m'mafuta amene munali mandasi kapena samusa tatenga gluten. Thobwa lapakhomo la chimanga ndi chimera cha mawere lilibe vuto, koma pa zakumwa za m'mabotolo werengani zimene zalembedwa. Muyezo wa padziko lonse wa Codex Alimentarius umalola chakudya kutchedwa chopanda gluten ngati sapyola mamiligalamu 20 pa kilogalamu. Kwa wodwala coeliac, ngakhale nyenyeswa za buledi pa mpeni wodzolera majarini n'zokwanira kudzutsa matenda.

Wosiya mkaka aganizire za mafupa ake. Munthu wamkulu amafuna kashiamu pafupifupi mamiligalamu 1,000 patsiku, ndipo kapu ya mkaka imapereka pafupifupi 300. Usipa, matemba ndi kapenta zodyedwa ndi minga yomwe zili ndi kashiamu wambiri. Onjezerani bonongwe, mpiru, masamba a cham'mwamba, chitowe, malambe ndi phala la mawere. Mkaka wa soya wopanga pakhomo ndi wabwino mu tiyi ngati mwauwiritsa mokwanira, koma kashiamu wake ndi wochepa, pokhapokha mutagula wam'sitolo wolembedwa kuti anamuonjezeramo. Khanda lisapatsidwe mkaka wa soya, wa mpunga kapena wa mtedza wopanga pakhomo m'malo mwa bere. Miyezi 6 yoyamba chakudya chake ndi mkaka wa m'mawere wokha.

Chimene chimandipweteka mtima ndi kuona mwana akumanidwa zakudya zomanga thupi chifukwa cha uthenga wa pafoni, pamene wina wodwaladi coeliac wakhala zaka akumwa mankhwala oonjezera magazi osadziwa chimene chikumudya. Ngati mwatsekula m'mimba kupitirira milungu iwiri, mukuonda popanda chifukwa, mukuona magazi m'chimbudzi, magazi akucheperachepera, kapena sikelo ya mwana yaima, pitani kuchipatala mukudyabe monga mwa masiku onse. Tengani kope lanu la zakudya, mukamuuze dokotala zonse, ndipo mukapemphe kuonana ndi mlangizi wa kadyedwe musanachotse kanthu pa mbale ya banja lanu.