Dzanja la ankhoswe m'kaundula wa abusa

Ku Nkhoma, Nathenje ndi Mitundu ukwati wa m'tchalitchi umayamba kale diresi loyera lisanasokedwe. Chinkhoswe chikatha, tambala ndi msoti zitasinthana manja, ankhoswe a kuchimuna ndi a kuchikazi amaperekeza anawo kukalembetsa kumpingo. M'mipingo ya Sinodi ya Nkhoma ya CCAP maina awo amalengezedwa Lamulungu katatu, kuti wodziwa choletsa ayankhule madzi akadali m'nkhongono. Alangizi nawo amakhala pansi ndi awiriwo kuwaunikira za banja.

Tsiku la ukwati maso a anthu ali pa mphete, ndipo mitima yathamangira kale ku perekaniperekani. Koma ine ndimayang'anitsitsa kathebulo kakutsogolo. Malumbiro akatha, abusa amatsegula kaundula. Mkwati asayina, mkwatibwi asayina, kenaka aitanidwa ankhoswe. Malume wina wovala jekete lobwereka agwira cholembera ndi dzanja lozolowera khasu, nalemba dzina lake pang'onopang'ono, kwaya ikuimba. Apo mudzi, mpingo ndi boma zakumana patsamba limodzi.

Lamulo la maukwati la 2015 linaika pamlingo umodzi ukwati wa kwa DC, wa kumpingo, wachikhalidwe, ngakhalenso wa anthu ongolowana amene khothi lawazindikira atakhala limodzi zaka zosachepera zisanu. Linapatsa atsogoleri a zipembedzo ndi mafumu aakulu udindo wolemba maukwati, choncho banja la m'dera la a Mazengera siliyenera kukwera minibasi mpaka ku Lilongwe kuti lidziwike. Lamulolo linatinso wosakwana zaka 18 asakwatiwe kapena kukwatira, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane nalo.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti mabanja ambiri amazengereza kulembetsa poopa phwando. Amati tidikire tigulitse fodya kapena soya, zaka n'kumapita, ana n'kumakula. Chikhalirecho kudalitsa ukwati sikulira ng'ombe kapena zimbale za holo. Tsiku limene mwamuna wamwalira, abale ayamba kuwerenga malata ndi mbuzi, mayi wa kuchitengwa amene ali ndi setifiketi m'chikwama amayankhula molimba mtima pamaso pa mfumu ndi kukhothi. Amene alibe amayamba wafunafuna mboni, ndipo nthawi zina nkhoswe imene ikanamuikira kumbuyo inatsogola kale kumsitu.