Manyowa Okha Sakwanira, Yezetsani Dothi

M'madimba a ku Rufunsa, kuyambira ku Chinyunyu mpaka kwa Mpanshya, mlimi amene wasiya feteleza wokwera mtengo n'kudalira manyowa a ng'ombe ndi kompositi wachita bwino. Koma ngati sanayezetse dothi, manyowawo akuthira mwachimbulimbuli. Muyezo wa pH, womwe umasonyeza kuchuluka kwa asidi m'dothi, umayambira pa 0 kufika pa 14, ndipo ndiwo zamasamba zambiri zimakonda pakati pa 6 ndi 7. Ukatsika kupitirira 5.5, ndiye kuti asidi wachuluka: fosforasi amamangika m'dothi, aluminiyamu amawononga nsonga za mizu, repu n'kupinimbira chikhalirecho bedi lili ndi manyowa tho.

Ena amati maso a mlimi ngokwanira. Zoona, masamba achikasu sabisika, koma chikasucho chingabwere chifukwa chosowa nayitrojeni, chosowa salfa, kapena madzi kuchuluka, ndipo chilichonse chili ndi mankhwala ake. Kuthira phulusa kapena laimu pomwe palibe asidi n'kudziwonongera wekha dimba. Ena amadandaula za mtunda ndi ndalama, ndipo dandaulo lawo ndi lomveka: ku Mount Makulu ku Chilanga, komwe bungwe la ZARI limayeza dothi, si pafupi. Komatu dothi siliyezedwa chaka ndi chaka. Kamodzi pa zaka zitatu n'kokwanira, ndipo kalabu ya alimi ingatume munthu mmodzi atanyamula dothi la onse. Potenga dothi lokayezetsa, kumbani masentimita 20 pamalo angapo m'dimba, sakanizani m'ndowa yoyera, yanikani pamthunzi, lembani dzina pathumba. Musanafese chaka chino, kaonaneni ndi mlangizi wa zaulimi wa kwanu akuthandizeni kutumiza dothilo.